Alamu Anga a Lieve ndi Madokotala a Mphaka Wawo

A Lieve Legein ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wanga Magda. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu, mumsewu womwe anabadwira, kuno ku Nieuwpoort. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu pamsika wa nsomba wa padoko, kutumbula ndi kuchotsa minga kuyambira m'mawa, manja ali m'madzi ozizira. Manjawo mpaka lero ndi ofiira ndi okhakhala, ndipo akakupatsa moni umakhala ngati chala chako chapanidwa ndi chitseko. Sanakwatiwepo. Munthu akawafunsa chifukwa chake amati amuna onse a m'tauni muno anayamba kuwaona ataledzera asanawaone atavala taye.

Sjarel anabwera chaka chawo chomaliza pantchito. Anali mphaka wotuwa, wamutu waukulu, khutu limodzi long'ambika, ndipo ankadziwika padoko lonse chifukwa chakuba mitu ya nsomba. Tsiku lina a Lieve poweruka anamupeza atakhala m'dengu la njinga yawo.

"Ndinamuuza kuti atsike," anatifotokozera. "Anangondiyang'ana ngati tikiti wagula kale."

"Ndiye kuti mwakwatiwa tsopano, alamu," ndinatero ine.

"Eya, ndipo ndevu zake n'zaukhondo kuposa zanuzo."

Masiku amenewo dokotala wa ziweto kuno anali mmodzi, a Verbanck, bambo wa ng'ombe ndi akavalo amene amphaka ankawaona masana akabwerako kumafamu. Ankabaya Sjarel jakisoni wa chaka ndi chaka uku akucheza ndi a Lieve za nsomba zimene zatsika m'mabwato, mphakayo osazindikira n'komwe kuti wabayidwa. Atakalamba anagulitsa chipatala chawo ku kampani ina yaikulu n'kusamukira kwa mwana wawo ku Gent. Kampaniyo inagumula makoma, inaika magalasi, mipando yobiriwira ndi kanyimbo kapansipansi. Pakhomo inapachika chithunzi chachikulu cha mphaka wooneka ngati akumwetulira. A Lieve anachiyang'ana kanthawi ndithu.

"Ameneyu sanalowemo," anatero.

Sjarel atafika zaka khumi ndi zitatu anayamba kudya ngati ali ndi anzake m'mimba, koma n'kumaonda. Ubweya unanyankhalala. Madzi ankamwa paliponse, mpaka pampopi wa kubafa, ndipo ankangoyendayenda m'nyumba akulira ngati wataya kanthu. A Lieve sayendetsa galimoto, choncho wowaperekeza ndinali ine. Ndinayendetsa sitima yamagetsi ya m'mbali mwa nyanja zaka makumi atatu, ndiye pabanja pathu aliyense wofuna kupita kwina kwake amaona ngati ndikadali pantchito.

Dokotala woyamba anali wathaye pansi pa jasi loyera, maso ali pakompyuta.

"Kamtsikana kathu kakuvutika ndi chiyani lero?"

"Ndi mwamuna," anayankha a Lieve. "Mukamutembenuza muona."

Dokotalayo anapendeketsa bokosi kuti Sjarel agwere patebulo. Sjarel anagweradi, koma podzuka anasiya mizere itatu yofiira padzanja la munthuyo. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake pakompyuta linali ndi chizindikiro chofiira chakuti ndi wolusa. Tinatuluka ndi thumba la chakudya chapadera, chodula zedi, chimene Sjarel anangochinunkhiza n'kuyamba kupalasa pansi ngati akukwirira zonyansa.

Ulendo wachiwiri tinapeza dokotala wina, mayi atavala magolovesi ofika m'zigongono. Anati vuto ndi mano. Anamugoneka ndi mankhwala, anamuzula awiri, anamutenga magazi n'kunena kuti impso zili bwino. Sjarel anabwerako akudzandira, masiku awiri osadya, kenako anayambiranso kudya ndi kuonda monga kale. A Lieve anaimba foni katatu kuti alankhule ndi mayiyo. Kachitatuko anauzidwa kuti anasamutsidwira kuchipatala china cha kampani yomweyo.

Wachitatu anali waulemu kwambiri. Anawerenga zonse pakompyuta, anasuzumira m'bokosi osalitsegula, n'kupinda manja.

"Mayi Legein, zaka khumi ndi zitatu si zochepa kwa mphaka. Nthawi zina thupi limangotopa."

Anatulutsa kapepala kokongola, kojambulidwa maluwa, kofotokoza mmene munthu angatsanzikire chiweto chake mwamtendere. A Lieve anakawerenga mpaka kumapeto, anakapinda bwinobwino n'kukabwezera patebulo.

"Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, adokotala. Ndikadzayamba kuonda mudzandipatsanso kapepala kameneka?"

Ananyamula bokosi lawo, ine pambuyo.

M'galimoto a Lieve analowetsa zala ziwiri pamawaya a chitseko cha bokosi. Ine ndinayesa kuikira kumbuyo madokotala aja. Ndinati anthuwo amapatsidwa mphindi khumi pa chiweto chilichonse, panja pali mzere, ndipo onse atatu ankaoneka otopa.

"Sindikunena kuti ndi anthu oipa, Remi," anatero. "Ndikunena kuti miyezi inayi yatha, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene wamugwira ali maso."

Magda anayesa kuthandiza ndi foni yake. Anakhala patebulo la a Lieve akuwerenga mayina a zipatala zonse kuyambira ku De Panne mpaka ku Oostende.

"Ichi chili ndi nyenyezi zisanu, achemwali."

"Anapereka nyenyezizo ndi amphaka?"

A Lieve anasankha njira yawoyawo. Anati moyo wawo wonse sanagulepo nsomba pongomva zonena za wogulitsa, ankayamba aiyang'ana m'maso ndi kuinunkhiza, ndiye dokotala sangamusankhe mwanjira ina. Kwa milungu itatu ankakwera sitima kapena basi, opanda mphaka, n'kukakhala m'zipinda zodikirira za madokotala a ziweto, zoluka zawo zili pamiyendo. Ankaona ngati amphaka amawakhazika moyang'anizana ndi agalu. Ankaona ngati dokotala amatuluka yekha kudzaitana, komanso nkhope za anthu potuluka. Ankabwerako ndi nkhani zambirimbiri. Panali bambo wina amene mphaka wake anaonedwa ndi madokotala asanu m'chaka chimodzi, aliyense n'kusintha mankhwala a mnzake. Panali mayi wina amene anadikira zotsatira za magazi milungu iwiri, n'kudzauzidwa za mphaka wa munthu wina. Anthu amenewa ankawauza a Lieve zonse, chifukwa munthu akagwira bokosi la mphaka wodwala amangofuna wina womumvetsera.

Pachipatala china mlembi wa pakhomo anawadabwa.

"Mayi, kodi chiweto chanu chili kuti?"

"Kunyumba. Ndabwera kudzaona ngati mukuyenera kuchiona."

Mlembiyo anawatsegulira chitseko mwaulemu kuti atuluke.

Thandizo linachokera pamsika wa Lachisanu, kwa a Simonne, amene amabwera ndi mazira kuchokera kumafamu.

"Itanani Annemie Coulier," anatero a Simonne. "Amayenda ndi galimoto yake, chipatala chake ndi chomwecho. Koma ndikuchenjezeni, mayi ameneyo alibe ulemu. Anauza amuna anga pamaso pa ana kuti nkhumba zawo n'zanzeru kuposa iwo."

"Ananama?"

A Simonne anaganiza pang'ono. "Ayi."

"Ndipatseni nambala."

A Coulier anabwera Lachitatu masana, atachedwa ndi ola lathunthu, osapepesa. Anali mayi wamfupi wa zaka makumi asanu ndi kanthu, tsitsi laimvi looneka ngati amadzimeta okha. Anavula nsapato zamatope pakhomo n'kulowa ndi masokosi, limodzi lobooka pachala chachikulu. Sjarel anali atathawira kale pansi pa kabati. Dokotalayo sanamulondole. Anakhala pansi m'khitchini, msana atatsamira firiji, n'kunena kuti ngati pali khofi amwa.

Kenako anayamba mafunso. Amadya kangati? Amasanza? Chimbudzi chake chikuoneka bwanji? Kale ankagona pati, nanga tsopano amagona pati? A Lieve anayankha kuti kale ankagona pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, koma masiku ano amakagona pansi pozizira kubafa, ngakhale m'nyengo yachisanu. Palibe amene anawafunsapo zimenezo. Analankhula mphindi makumi awiri, dokotala akungolemba m'kabuku kamafuta.

"Ndiye akudwala chiyani?" anafunsa a Lieve.

"Sindikudziwa."

A Lieve anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinaganiza kuti basi, mayiyu atuluka ndi khofi wake ali kukamwa.

"Ndikuganizira zinthu zitatu," anapitiriza a Coulier. "Chimodzi n'choipa, ziwiri n'zochizika. Sindikuuzani kuti ndi chiti ndisanaone magazi, chifukwa ndikhala ndikungolota."

"Onjezerani khofi adokotalawa, Remi," anatero a Lieve.

Nthawi yonseyi fungo la ng'ombe la m'masokosi linali likumuvuta Sjarel. Anatuluka pang'onopang'ono, ananunkhiza chala chotulukira pabowo chija, ananunkhiza bondo. A Coulier anapitiriza kucheza ngati sakumuona, dzanja lili pansi. Mphakayo atadzikhula padzanjalo, anamukanda kuseri kwa khutu, n'kutsetsereka ndi zala ziwiri pakhosi pake.

"Bweretsani chala chanu, Mayi Legein. Apa. Mukumva?"

"Kanthu ngati nsawawa."

"Ikani dzanja pachifuwa. Mtima umenewo ukuthamanga ngati wathawa galu, chonsecho wangokhala. Mungathe kumugwira ndimutenge magazi?"

"Mayi, ine ndagwirapo nsomba zamoyo, zoterera, zazitali ngati mwendo wanuwo."

Anamukulunga m'tawulo, mutu ndi mwendo umodzi zokha zili kunja, n'kumupanira pachifuwa pawo akumunong'oneza zotukwana za padoko. Sjarel anadandaula kamodzi kokha. Zonse zinatha khofi asanazizire.

Lachisanu a Coulier anaimba okha foni ali m'khola la munthu wina, ng'ombe zikumveka kumbuyo. Linali vuto la chithokomiro. Kanthu ka pakhosi kaja kankathamangitsa thupi lonse, n'chifukwa chake chakudya chinkangopsa osagwira. Anati matendawa ndi ofala kwa amphaka okalamba ndipo amagonja ndi mapiritsi, limodzi m'mawa, lina madzulo. Tsiku limenelo a Lieve anabwera kwathu ndi keke, zimene sanachitepo chikwatirire ine m'banjamo.

Patatha mwezi dokotala anabweranso ndi sikelo. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzakonza mpopi. Kulemera kwa Sjarel kunali kutatsikanso.

"Akumwa mapiritsi?"

"M'mawa ndi madzulo," anayankha a Lieve, maso ali pawindo.

A Coulier anakanda m'mutu. Anati ngati zili choncho ndiye kuti mwina pali china chimene sanachione, mwina chinthu choipa chija, ndipo afunika kumutumiza ku Gent akamuunike m'mimba. Anapempha botolo kuti aone ngati analemba mlingo wolondola. A Lieve anachedwa kulibweretsa. Dokotala atalikhutchumula, ngakhale ine wa pansi pa sinki ndinamva kuti n'lodzaza.

Ine ndinalakalaka nditalowa mupaipi.

A Lieve anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Analankhula osadzutsa mutu. Anati sabata yoyamba anayesetsa, anamukanula kukamwa, iye n'kumalavula. Ananyenya piritsi m'nsomba, iye anasiya kudya nsomba. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, akangolowa m'chipinda mphakayo ankathawa, ndipo anasiya kugona kumapazi kwawo.

"Zaka khumi ndi ziwiri sanandithawepo. Ndinaganiza kuti ngati akufa, afe asakundiopa."

"Mayi Legein," anatero a Coulier, mawu atakwera, "mukandinamiza, ine ndimachiza mphaka amene kulibe. Ndikanamukweza galimoto mpaka ku Gent, akanamumeta, akanamugoneka ndi mtima wakewu, zonsezo chifukwa cha bodza lanu. Mukumva?"

"Ndamva."

Pa moyo wanga ndinali ndisanaonepo munthu akukalipira a Lieve iwo n'kungoti ndamva. Dokotalayo anapuma mwamphamvu, anakhala pampando n'kuyang'ana botolo lija.

"Inenso ndinalakwa. Ndinakusiyirani botolo ngati kuti kumwetsa chigawenga ichi n'kosavuta, ndipo sindinaimbe kufunsa. Pali mankhwala omwewa opaka m'khutu. Mumavala kagolovesi pachala, mumamusisita, iye amaona ngati mukumukonda. Ndiwaitanitsa lero. Koma chikavuta chilichonse mundiuze, ngakhale chikhale chochititsa manyazi."

"Nanunso mukalakwa muzinena ngati mmene mwaneneramu."

"Ine ndimanena. N'chifukwa chake anthu ambiri sandiitana kawiri."

Mankhwala opaka aja anagwira. Pakutha pa miyezi iwiri msana wa Sjarel unasiya kuoneka ngati chipeso. Ubweya unagona, kulira kunatha, anabwerera pafupi ndi chotenthetsera. Tsiku lina Lamulungu, tikudya kwa a Lieve, ndinatembenuka kuti nditenge mchere ndipo pobwerera ndinapeza nsomba yanga ikulowa pansi pa tebulo. A Lieve anaomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

"Wachira! Remi, wachira!"

"Nanga ine ndidya chiyani?"

"Mbatatesi zilipo zambiri."

Sjarel anakhala zaka zina zitatu. Poyamba a Coulier ankabwera miyezi itatu iliyonse kudzamutenga magazi, kenako anayamba kumaima Lachinayi lililonse masana, ati podutsa, ngakhale msewu wathu supita kufamu iliyonse. A Lieve ankaphika supu wa nsomba. Ankakangana pa chilichonse, za mchere, za boma, za mmene dokotalayo ankadyera ataimirira. Sindikudziwa tsiku limene anasiya "Mayi Legein" ndi "adokotala" n'kuyamba kuitanana Lieve ndi Annemie. Diso la Sjarel litatupa, Annemie ananena poyera kuti za maso sazidziwa bwino, n'kutitumiza kwa dokotala wina wachitsikana ku Oostende, m'chipatala cha magalasi ngati chija. A Lieve anapita akung'ung'udza. Anabwerako akuti mtsikanayo anagwada pansi, anadikira, ndipo ali ndi manja abwino. Anamutumizira botolo la jamu.

Chaka chachitatu impso zinayamba kufooka. Annemie anawaphunzitsa kumulowetsa madzi pansi pa khungu, ndipo zinathandiza nyengo yonse yachisanu. Pofika mwezi wa Malichi Sjarel anasiya kukwera pampando. Kenako anasiya kudzinyambita. Lachinayi lina supu atatha, a Lieve anafunsa funso limene anali atalisunga masiku ambiri.

"Akanakhala wanu mukanatani?"

"Ndikanamulola apite sabata ino, ululu weniweni usanayambe," anayankha Annemie. "Ndingathe kumukokera mwezi wina, koma mwezi umenewo ukhala wanu, osati wake. Mwiniwake ndinu, Lieve. Mukati tidikire, ndidikira nanu."

A Lieve anagwedeza mutu. Anasankha tsiku lotsatira, msika ukatha.

M'mawa mwake anakagula kansomba kabwino kuposa tonse, anakachotsa minga ndi mpeni wawo wakale n'kukaika pambale. Sjarel anangonyambita kawiri. Cha m'ma leveni koloko anakhala naye pampando wa pawindo, pomwe dzuwa limafika, atamuika pamiyendo. Magda anaima kumbuyo kwawo. Annemie anagwada pansi ndi masokosi ake, anafotokoza chilichonse asanachichite, jakisoni woyamba wogonetsa, wachiwiri womaliza. A Lieve ankamusisita khutu long'ambika lija mpaka dokotala anachotsa chomvera mtima m'makutu n'kuwagwira bondo.

Annemie sanathamangire kupita, ngakhale foni yake inalira kawiri. Anatsuka makapu onse amene anali musinki. Ine ndinakakumba kumunda kwanga kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, popeza kwa a Lieve kulibe dothi. A Lieve anabwera kudzayang'anira ntchitoyo n'kundiuza kuti dzenjelo n'lokhota.

Mphaka wina sanatenge. Anthu awabweretsera tiana ta amphaka tambiri, koma amakana.

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Ndikafa ndimusiyira ndani? Remi? Munthu wolephera kulondera nsomba ya m'mbale mwake?"

Chimene chinachitika n'chakuti Annemie tsiku lina anadandaula kuti ali ndi nkhalamba zambiri zimene sizingathe kugwira amphaka awo, ena manja amanjenjemera, ena amangolira, ndipo iye ali ndi manja awiri okha. Lachiwiri lotsatira a Lieve anali ataima pakhomo ndi chikwama, muli matawulo atatu ochapa bwino ndi buledi wa anthu awiri. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse amakwera galimoto ya dokotala. Amakulunga amphaka, amawanong'oneza, ndipo akatha amakhala ndi eni ake n'kuwafunsa mwakachetechete ngati mapiritsi akumwedwadi. Annemie akuti anthu amene amamunamiza iyeyo, kwa a Lieve amaulula msanga.

Sabata yatha ndinakumana nawo pamphambano ya pafupi ndi mlatho, atayima pamagetsi ofiira. Ndinawamva ndisanawaone, akukangana za njira yachidule yopita ku Ramskapelle. A Lieve anatsitsa galasi. Padzanja lawo panali pulasitala watsopano.

"Wakulumani ndani, alamu?" ndinafunsa.

"Kamphaka kakakazi ka agogo ena, a Bertha, kazaka makumi awiri, mano atatu okha koma kamadziwa kuwagwiritsa ntchito. Remi, mukauze Magda asandidikire chakudya chamasana. Tili ndi ena anayi."

Magetsi anasintha, Annemie anakhotera kumanzere, a Lieve akuloza kumanja.